Kabatire ka Wotchi

Mayi Nazimbiri anabwera nayo pa kabaza,
ataifungatira pamiyendo ngati mwana wa malungo,
yokutidwa ndi chitenje, zingwe zikulendewera.
Kuchokera ku Kawale kudzafika kuno ku Malangalanga
inali itameza kale fumbi lonse la Okutobala.

"Ikungolira," anatero. "Katatu, kenako zii."

Ndinamasula masikuluwu atatu, lachinayi linasowa kalekale.
M'katimo munali mzinda:
misewu yamkuwa, tinyumba takuda tothithikana ngati ku Mchesi,
ndi kangaude womanga popanda chilolezo cha khonsolo.
Bolodi lalikululi amalitcha mayi,
poti zonse zimayamwa pamenepa.
Mayi akadwala, nyumba yonse imagona ndi njala.

Ndinazula lamu, n'kuitsuka mano ndi labala ya pensulo.
Chiletso, mnyamata wanga, anauzira fumbi
mpaka nsidze zake zinachita imvi.
Titayatsa, inalira kamodzi kokha.
Kamodzi ndi moni.

Sikirini inatsegula maso n'kulemba:
kiyibodi sindikuiona, dinani batani kuti tipitirire.
Chiletso anaseka mpaka kugwira khoma.
Ine sindinaseke. Ndinaimapo pa windo la ofesi ina
pomwe anandiuza kuti ndibwere ndi chiphaso
kuti andipatse chiphaso.

Tinasintha chingwe. Tinasintha bowo.
Bowo lakutsogolo linali lakufa, lakumbuyo lamoyo,
lapakati limamva likafuna.

Ndiye pulinta.
Mwana wawo wa ku koleji anaikamo Windozi yatsopano,
koma pulintayo ndi yakale, yaphokoso ngati chigayo.
Ziwirizi zikakumana zimapatukirana njira
ngati mkamwini ndi apongozi:
ulemu ulipo, kulankhulana palibe.
Ndinasakasaka dalaivala woti akhale nkhoswe,
bandulo inatha, ndinagula ina,
nkhoswe inapezeka koma inati
kambani kaye ndi bayosi, mwini mbumba.

Kulemba bayosi mwatsopano kuli ngati kusintha denga mvula ili m'mwamba.
Magetsi akathima pakati, bolodi lasanduka njerwa.
Ndinalowetsa fulashi.
Kamzere kanayamba kukwawa,
makumi awiri, makumi anayi,
kanaima pa makumi asanu ndi limodzi ngati minibasi yodikira anthu.
Wowotcherera wa pafupi anayatsa makina ake,
babu linaphethira,
Chiletso anavula kapusi.
Palibe anapuma
mpaka kanafika.

Magetsi anathima patapita mphindi zinayi.
Tinakhala m'kachisisira, tikudya chinangwa chokazinga.

Atayaka, ndinaona chotsala:
wotchi ya m'kati inkati lero ndi pa 1 Januwale, 2011.
Kabatire kake, kozungulira ngati khobidi, kanali katafa,
ndipo kompyuta ikaiwala imabwerera kumene inabadwira.

Mayi Nazimbiri anayandikira, magalasi ali pamphuno.
Anawerenga chakacho kawiri.
"Chaka chimenechi bambo ake a Lusungu anali moyo.
Ndiwo ankataipa makalata a anthu,
ine ndinkangolandira ndalama.
Simungaisiye choncho?"

Ndinkafuna kunena kuti ndingathe.
Koma tsiku likalakwika, intaneti imatseka zitseko zonse,
imakuyesa mlendo wa mapepala otha ntchito.
Ndinawauza zimenezo, motsitsa mawu.
Anangogwedeza mutu.

Ndinaika kabatire katsopano.
Ndinadina zaka, chimodzichimodzi,
chilichonse kamodzi,
iwo akuyang'ana panja pomwe ogulitsa machaja ankakuwa.

Pulinta inatsokomola, inakoka pepala,
n'kulavula tsamba loyesera, inki yotuwa pang'ono m'mphepete.
"Mawa ndili ndi mapulogalamu a ukwati makumi asanu," anatero,
akuwerenga ndalama zopindapinda.

Asanatuluke anatambasula dzanja.
Ndinkayesa akufuna lisiti.
Ankafuna kabatire kakufa kaja.
Anakamanga pa ngodya ya chitenje, mfundo ziwiri,
n'kuitana wa kabaza.